Bodza la Rahabi ndi wotchi ya Jack Bauer

Dziko la Malawi lidatha zaka 35 likudzilamulira lokha koma lopanda wailesi yakeyake ya kanema. Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo pasanathe zaka zitatu, mu Novembala 2001, ku America kudatuluka sewero lomwe lidadzalanda tulo ta anthu ambiri mu Lilongwe, lotchedwa 24. Oyamba kulionera adali a m'nyumba zokhala ndi dishi padenga, ku Area 14, Area 10, Area 43 ndi madera ena a mipanda italiitali. Ena onse lidawapeza kudzera m'zimbale zogulitsidwa m'mbali mwa msewu ku Old Town, chimbale chimodzi chitasenza sizoni yathunthu, zithunzi zachimbuuzi koma nkhani yake yosalola munthu kudzuka pampando. Masiku ano zimbale zija zidagonja kwa fulashi ndi bandulo ya usiku, Netflix nayo idafika mu 2016, koma njala ya masewero a akazitape ikadalipobe. Homeland, The Americans, Jack Ryan, The Night Agent, Slow Horses: mayina akusintha chaka ndi chaka, oonera sakuchepa.

Ikakwana 9 koloko usiku ku Area 14, geti limakhala latsekedwa, galu wamasulidwa, waya wamagetsi pamwamba pa mpanda ukuthetheka pang'onopang'ono. Pabalaza bambo wotopa ndi misonkhano ya tsiku lonse wagwira rimoti, atawalonjeza mayi akunyumba kuti aonera gawo limodzi lokha. Pakanemapo munthu wamangiriridwa kumpando, nkhope ili magazi, ndipo manambala a wotchi akugunda ngati mtima. Panja, m'kanyumba ka pageti, mlonda amene wayenda pansi kuchokera ku Mtandire waweramira foni yong'aluka galasi, akuonera filimu ya mtundu womwewo yomasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akuthiramo ndemanga zakezake. Awiriwa sadyera mbale imodzi, koma usiku umenewu akufuna chinthu chimodzi, choti kazitape apambane. Lamulungu m'mawa onse adzakhala m'tchalitchi, wina ku Maula, wina kwawo ku Mtandire, ndipo adzavomereza ndi mtima wonse kuti kunama ndi tchimo, kupha ndi tchimo, kupereka mnzako ndi tchimo.

Nanga zimatheka bwanji kuti munthu woopa Mulungu aziombera m'manja munthu amene amadyera bodza?

Yankho lapafupi n'lakuti anthu amakonda mfuti, mabomba ndi magalimoto othamangitsana. Zimenezo zilipodi, koma zikadakhala zokhazo mafilimu a karate akadakwanira. Chimene kazitape amaposera womenya zibakera n'chakuti iye amadziwa. Amalowa m'chipinda chomwe ena onse amatsekeredwa kunja.

Wokhala ku Area 14 amachidziwa bwino chilakolako chimenechi, pakuti amagona pafupi ndi zitseko zotseka. Capital Hill, Nyumba ya Malamulo, maofesi a akazembe a America ndi Britain, konseko ndi ulendo wa mphindi zochepa pagalimoto. Koma kuyandikana ndi chitseko sikumuuza munthu zomwe zikukambidwa mkati. Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adagwa kunyumba ya boma ndipo adathamangira naye ku Kamuzu Central Hospital. Imfa yake idalengezedwa pa 7 Epulo. Masiku apakatiwo mzinda wonse udakhalira manong'onong'o ndi mauthenga a pafoni, ndege itanyamuka kupita ku South Africa, nduna zikuyankhula pa kanema usiku anthu atagona. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Epulo 2011, kalata yachinsinsi yomwe kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, adalembera akuluakulu ake ku London idatulukira m'nyuzipepala. Kazembeyo adapirikitsidwa, ndipo pofika Julayi dziko la Britain lidaimitsa thandizo lake lopita kubajeti ya boma. Pepala limodzi lomwe silidayenera kuonedwa ndi maso a anthu wamba lidagwedeza thumba la dziko lonse. Amene adaona zimenezi safuna wina womuuza kuti moyo wake umagamulidwa kumalo komwe iye kulibe. Sewero la akazitape limamutsekulira chitsekocho kwa ola limodzi, n'kumukhazika pakati pa odziwa.

Pansi pa njala yofuna kudziwayi pagona njala ina yozama, ndipo ndi yachipembedzo. Salimo 139 limaimba za Mulungu amene munthu sangamuthawe, amene mdima sumubisira kanthu. Wokhulupirira amapeza mpumulo m'salimo limeneli chifukwa Woonayo ndi wachifundo. Sewero la akazitape limatenga diso lomwelo n'kulipereka m'manja mwa anthu: setilaiti, makamera a m'misewu, makina omvetsera mafoni, chipinda chodzaza makompyuta momwe mtsikana mmodzi amapeza munthu wobisala pakati pa mzinda waukulu asanamalize kumwa khofi wake. Limalonjeza mlonda wosawodzera. Kenaka limaonjezapo chomwe Mulungu sadalonjezepo, chakuti mlonda ameneyu ndi wokonzeka kuchimwa m'malo mwa anthu ake. Adzanama, adzathyola chala cha mkaidi, adzapha. M'sizoni yachitatu ya 24, kazitape wa m'seweroli, Jack Bauer, adaombera bwana wake weniweni, Ryan Chappelle, chifukwa chigawenga chidalamula choncho ndipo pulezidenti adavomera. Woonera amagwidwa chisoni, koma amadzuka m'mawa mzinda uli wopulumuka, manja ake iye ali oyera.

Mu 1973 katswiri wa nzeru za ndale, Michael Walzer, adalemba za vuto limeneli la manja odetsedwa. Adavomereza kuti mtsogoleri angakakamizike kuchita choipa pofuna kupewa choipitsitsa, koma adakana kuti kukakamizikako kumayeretsa choipacho. Wochichitayo, malinga ndi Walzer, ayenera kudziwa kuti walakwa ndipo asenze mlandu wake. Uthenga Wabwino wa Yohane uli ndi ganizo lofananalo, koma lopanda mbali yosenza mlandu, ndipo umaliika m'kamwa mwa Kayafa, mkulu wa ansembe, amene adalangiza bwalo kuti kutaya munthu mmodzi n'kwabwino kusiyana n'kutaya mtundu wonse. Mkhristu aliyense amadziwa yemwe adatayidwa potsatira uphungu umenewo.

Komatu Baibulo silinyansidwa ndi azondi onse. Mose adatuma amuna khumi ndi awiri kukazonda Kanani kwa masiku makumi anayi. Davide, pothawa mwana wake Abisalomu, adabweza bwenzi lake Husai kuti akanamizire kukhala mbali ya woukirayo n'kumasokoneza uphungu wa Ahitofeli. Ndipo pali Rahabi, mkazi wadama wa ku Yeriko, amene adabisa azondi awiri a Yoswa padenga pansi pa mapesi a fulakesi, n'kuuza asilikali a mfumu kuti alendowo adatuluka kale mumzinda geti lisanatsekedwe. Lidali bodza lamkunkhuniza. Komabe kalata ya kwa Ahebri imamuwerengera pakati pa ngwazi za chikhulupiriro, Yakobo amamutama, ndipo Mateyu amamuika mumzera wa makolo a Yesu. Anthu a ku Yeriko akadalemba okha mbiriyi, dzina la Rahabi likadakhala la wogulitsa mzinda, ndipo woliwerenga Baibulo moona mtima sayenera kuithawa mfundo imeneyo. Koma pa ola lomwe asilikali adagogoda pakhomo pake, chomwe chidali pamaso pa mayiyu chidali anthu awiri opanda kothawira ndi mfumu yofuna mitu yawo.

Nkhaniyi idawasowetsa tulo akuluakulu a Mpingo. Cha m'ma 420, munthu wina dzina lake Consentius adalembera Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ndi nzeru yomwe wolemba sewero la akazitape aliyense akadaikonda. Ku Spain kudali gulu la otsatira Priscillian lomwe linkabisa chiphunzitso chake, ndiye Consentius ankafuna kuti Akhristu okhulupirika anamizire kulowa gululo kuti aulule mamembala ake. Augustine adakana kwamtuwagalu, ndipo adalemba buku lathunthu lotsutsa bodza. Kwa iye, munthu sangateteze choonadi pochipereka nsembe. Za Rahabi ndi azamba a ku Igupto amene adanamiza Farao kuti apulumutse makanda, adati Mulungu adawadalitsa chifukwa cha chifundo chawo, osati chifukwa cha bodza lawo. Mu 1797 Immanuel Kant adapitirira pamenepo, nati ngakhale wakupha atafika pakhomo kufunsa ngati mnzako wabisala m'nyumba, sukuloledwa kumunamiza.

Ganizo la Kant limamveka laukhondo m'kalasi. Litengereni m'mudzi wina ku Dowa kapena ku Mchinji m'chaka cha 1972, pamene a Mboni za Yehova, omwe mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, ankasakidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani cholamula, ndipo zikwizikwi zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia. Anyamata a yufi aima pabwalo ndi zibonga, akufunsa gogo wina ngati mpongozi wake wa Mboni ali m'nyumbamo. Gogo ameneyu akanena zoona kuti asunge lamulo la Kant, palibe mfumu, m'busa kapena shehe m'Malawi amene angamutche wolungama. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene adalowa m'nthambi ya ukazitape ya asilikali, Abwehr, n'cholinga chothandiza ofuna kugwetsa Hitler, adaifotokoza bwino nkhaniyi ali m'ndende. Adapereka chitsanzo cha mwana amene mphunzitsi wamufunsa pamaso pa anzake ngati bambo ake amabwera kunyumba ataledzera. Mwanayo akakana, mawu ake ndi abodza, koma akuteteza choona china chachikulu, chakuti za m'banja lake si za mphunzitsiyo kuzivundukula pagulu. Bonhoeffer sadadzione ngati wopanda banga. Adadziwa kuti wasenza mlandu, ndipo adanyongedwa pa 9 Epulo 1945 ku Flossenbürg.

Chikhalidwe cha kuno chidaidziwa kale mfundo imeneyi popanda kuwerenga mabuku a ku Ulaya. Kusunga chinsinsi ndi chizindikiro cha kukula: za kudambwe sizikambidwa pabwalo, za kutsimba anamkungwi sazitulutsa, ankhoswe amamva zambiri n'kukhala chete. M'nthano, Kalulu amanamiza Njovu ndi Mkango, ana n'kumaseka, chifukwa wamng'ono alibe chida china pamaso pa wamphamvu. Koma munthu wotola mawu pakhomo la mnzake n'kukawatula kwa akuluakulu sadalemekezedwepo. Asilamu amene amasonkhana mumzikiti waukulu wa ku Old Town Lachisanu ali ndi chiphunzitso chomveka pa zomwezi: Surat Al-Hujurat imaletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana zamseri ndi miseche, ndipo miseche imaifanizira ndi kudya mnofu wa m'bale wako womwalira.

Apa ndiye pali kusiyana komwe kanema amakufufuta. Pali chinsinsi chobisa wofooka kwa wamphamvu, ndipo pali chinsinsi chosaka wofooka kuti chimupereke kwa wamphamvu. Sewero limaika kamera kumbuyo kwa phewa la kazitape, kotero kuti woonera amayenda naye, amapuma naye, amaona dziko ndi maso ake. Sakhala konse m'nyumba yomwe ikumvetseredwayo. Amalawi a zaka makumi asanu kupita m'tsogolo adakhalamo m'nyumba imeneyo.

Pa zaka makumi atatu za ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, kazitape sadali munthu wovala suti yakuda wolumpha pandege. Adali mnzako wa kuntchito, woperekera mowa pabala, wophunzira wokhala kumbuyo m'kalasi, nthawi zina wachibale. Nthambi ya polisi ya Special Branch, Apayoniya, ayufi ndi nthambi za chipani, onse adali ndi makutu awo. Ngodya zinayi zomwe mwana aliyense ankaloweza, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinkatanthauzanso kuti wosaulula mnzake ndi wosakhulupirika. Makalata ankatsekulidwa. Munthu asanatchule dzina la mtsogoleri ankayamba wacheuka. Mwambi wakale uja, wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, udasanduka malangizo enieni opulumutsa moyo, pakuti mawu olankhulidwa pamowa Loweruka ankatha kumufikitsa munthu kundende ya Dzaleka kapena ya Mikuyu popanda kuonekera kukhoti. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje adatengedwa ku Gymkhana Club ku Zomba mu Sepitembala 1987, adatuluka ku Mikuyu mu Meyi 1991, ndipo sadazengedwe mlandu uliwonse.

Dzanja limeneli linkadutsa malire. Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, gulu lotsutsa boma, adavulazidwa manja ndi bomba lobisidwa m'kalata ku Maputo mu 1979, ndipo mu Malichi 1983 adapezeka ataphedwa ku Harare. Orton ndi Vera Chirwa adagwidwa tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, pa 24 Disembala 1981, chakumalire a Chipata ndi Mchinji. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adafa pamodzi ndi a pabanja pake angapo nyumba yake itaponyeredwa bomba lamoto ku Lusaka mu Okutobala 1989, ndipo ambiri adaloza chala akazitape ochokera kwawo. Zonsezi zikadakhala pakanema, zikadakhala magawo okoma: kusaka, msampha, bomba, kuthawa usiku. Aliyense mwa ozichitawo ayenera kuti ankadziuza zomwe Jack Bauer amadziuza, kuti akuteteza dziko kwa zigawenga.

Ngakhale osakawo sadali otetezeka. Focus Gwede, mkulu wa Special Branch amene dzina lake linkanjenjemeretsa anthu, adamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani. Muwalo adanyongedwa mu 1977, ndipo Gwede adakhala m'ndende mpaka 1993.

M'dziko lomwelo mudachitikanso chinsinsi cha mtundu wa Rahabi. Kalata ya mabishopu a Katolika yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idalembedwa ndi kusindikizidwa mwakachetechete ku makina a a Montfort ku Balaka, n'kugawidwa m'maparishi boma lisanatulukire. Amene adanyamula mitokoma ya kalatayo sadauze aliyense wa pamsewu chomwe adanyamula. Patangopita masiku ochepa, akuluakulu a chipani adasonkhana ku Lilongwe, ena mwa iwo n'kulankhula zofuna kupha mabishopu, ndipo tepi ya msonkhanowo idatuluka mpaka kumveka kunja kwa dziko. Wina amene adali ndi mwayi wofika pa tepiyo adaswa chikhulupiriro cha akuluakulu ake. Pa mlingo wa ngodya zinayi zija adali wopanduka. Koma dziko litamva mawuwo, kukhudza mabishopu kudavuta, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu yofunsa ngati akufuna ndale za zipani zambiri. Ndani angayerekeze kuika wotulutsa tepiyo m'gulu limodzi ndi amene ankalemba mayina a anzake pabala?

Tsono bodza lalikulu la masewerowa si la kazitape ayi, ndi la wotchi. Mu 24 bomba limakhala likuphulika pakatha mphindi makumi awiri, wogwidwayo amakhaladi wodziwa komwe lili, ndipo akangomuzunza amanena zoona. Zitatu zonsezi wolemba sewero amazikonza yekha. Mu Novembala 2006, Brigadier General Patrick Finnegan, mkulu wa maphunziro pasukulu ya asilikali ya West Point, adapita kukakumana ndi opanga 24 kukawapempha kuti achepetse zozunzazo, chifukwa ophunzira ake ankayamba kukhulupirira kuti ndiyo njira yogwira ntchito. Mu Disembala 2014 komiti ya Senate ya America idatulutsa lipoti lake pa nkhanza zomwe CIA idachita pofunsa akaidi, ndipo idapeza kuti sizidali njira yodalirika yopezera zoona. Wozunzidwa amanena chilichonse chomwe chingaletse ululu.

Malawi adailawa yekha nzeru ya wotchiyi. Mu Juni 2003, amuna asanu achisilamu ochokera kunja, awiri a ku Turkey, wina wa ku Kenya, wina wa ku Saudi Arabia ndi wina wa ku Sudan, adagwidwa usiku ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda, pa ntchito yomwe akazitape a Malawi adagwira pamodzi ndi a America. Khoti Lalikulu lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko, koma adakwezedwa ndege. Ku Mangochi kudabuka zipolowe, matchalitchi ena adaonongedwa. Patatha pafupifupi mwezi amunawo adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Bomba padalibe. Chomwe chidaphulika ndi ubale wa Asilamu ndi Akhristu m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja, komanso ulemu wa chigamulo cha khoti.

Izi sizikutanthauza kuti dziko lingakhale lopanda maso. Kuyambira 2017 chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique chili pankhondo ndi zigawenga, anthu akuzembetsedwa kudutsa m'malire, ndipo magulu ogulitsa minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere sagwidwa popanda wina wowalowerera mwachinsinsi. Ngakhale Augustine akadavutika kuyendetsa boma ndi lamulo lake. Funso n'lakuti maso amenewo amayankha kwa yani, ndipo akalakwa amawadzudzula ndani.

Masewero abwino kwambiri a mtunduwu amalidziwa funsoli, ndipo n'chifukwa chake sayenera kutayidwa onse pamodzi. The Americans, lomwe lidaulutsidwa kuyambira 2013 mpaka 2018 ndipo adaliyambitsa Joe Weisberg, yemwe adagwirapo ntchito ku CIA, limatsata Philip ndi Elizabeth Jennings, akazitape a Soviet Union okhala ngati banja wamba pafupi ndi Washington. Mfuti zilimo, koma mtima wa nkhaniyo uli patebulo lodyera. Mwana wawo Paige amalowa Chikhristu, amabatizidwa, ndipo atauzidwa zoona za makolo ake, katunduyo amamulemera mpaka kuimbira foni m'busa wake, Pastor Tim. Kuyambira pamenepo makolo ake amayamba kukambirana ngati m'busayo ayenera kufa. Mapanga awiri avumbwitsa: pomaliza a Jennings amabwerera kwawo atataya ana onse awiri, wina atamusiya osamuuza chilichonse, wina atatsika sitima yekha. Mu Homeland, Carrie Mathison amapulumutsa dziko kangapo koma mwana wake amaleredwa ndi mchemwali wake. Queen Sono, sewero loyamba la Netflix lopangidwa mu Africa, lomwe lidatuluka mu Febuluwale 2020 Pearl Thusi ali patsogolo, limazungulira pa mwana wofufuza yemwe adapha mayi ake, womenyera ufulu, ndipo mayankho amamutsogolera kwa anthu omwe adawakhulupirira. Masewero oterewa amaonetsa zomwe Augustine ankaopa, kuti wonama chifukwa cha ntchito amafika posadziwanso nkhope yake yeniyeni.

Mwina apa ndi pomwe woonera wa ku Area 14 amadzipeza yekha. Naye ali ndi nkhope ya kuofesi, ya kutchalitchi, ya kumudzi akapita kumaliro, ndi ina yotsekeredwa m'foni ndi nambala yachinsinsi. Amadziwa kutopetsa kwake kosunga nkhope zonsezo, ndipo akaona Philip Jennings akuvula tsitsi loikirira pagalasi amamva kanthu kena kamene ulaliki wa Lamulungu sukhudza kawirikawiri: kufuna kuti pakhale mmodzi yekha womudziwa yense wathunthu koma osamutaya.

Makutu aja sadathe ndi riferendamu. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kumufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Mawu olankhulidwa kwa ophunzira adafika kupolisi, ndiye kuti wina adawanyamula. Aphunzitsi adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, ndipo mkanganowo udatha miyezi isanu ndi itatu. Nthawi yomweyo bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA lidali pa mlandu wa makina ake oyang'anira mafoni, omwe anthu adawatcha makina a ukazitape, ndipo nkhaniyo idazungulira m'makhoti kwa zaka. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza munthu kuti asasechedwe mwachisawawa, ndiponso kuti makalata ndi mafoni ake asamvetseredwe. Amene adalemba gawolo mu 1994 adali atangotuluka kumene m'nyumba yomvetseredwa ija, ndipo ankadziwa chomwe akutseka.

Chomwe sichidachitike ndi kuulula. Ku Germany, kuyambira Januwale 1992, munthu aliyense adaloledwa kukawerenga fayilo yomwe apolisi achinsinsi a Stasi adamusungira, ndipo ena adapezamo mayina a amuna awo, abale awo ndi abusa awo. Kudali kowawa, koma anthu adadziwa yemwe ayenera kumukhululukira. South Africa idakhazikitsa bungwe la choonadi ndi chiyanjano motsogozedwa ndi Archbishop Desmond Tutu. Malawi adasankha njira ina. National Compensation Tribunal idalandira madandaulo zikwizikwi a ozunzidwa, koma ntchito yake idali ya chipukutamisozi, osati yoitana ozunza kuti adzalankhule. Mlandu wa imfa za andale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, omwe adaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, udatha mu Disembala 1995 oimbidwa mlandu atamasulidwa. Mu Januwale 1996 Kamuzu adapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zomwe zidachitika m'nthawi yake ndi m'dzina lake, koma sadatchule wochita ngakhale mmodzi.

Ambiri mwa amene ankatola mawu a anzawo akadali moyo. Ndi agogo tsopano, ena ndi akulu a mpingo, ena amatsogolera nyimbo pamaliro. Ena adachita chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha ndalama yochepa, ena chifukwa cha nsanje ya ntchito kapena ya munda, ndipo ena ankakhulupiriradi kuti akutumikira dziko. Mipingo yomwe imaphunzitsa kuti kukhululukidwa kumayamba ndi kuvomereza tchimo ili ndi anthu amenewa m'mabenchi ake, atakhala moyandikana ndi ana a omwe adawapereka. Wolemba masewero wa ku Lilongwe amene angafune kupanga nkhani ya akazitape yoposa ya Jack Bauer safunika helikopita. Akufunika mkulu wa mpingo mmodzi wa zaka makumi asanu ndi awiri, mayi wamasiye amene mwamuna wake adatengedwa pa Land Rover mu 1976, ndi Lamulungu la Mgonero pomwe mkuluyo ndiye ayenera kumupatsira mayiyo chikho.